Tabwela Kukumangani Nonse

Pali mudzi wina kuseri kwa Shimabala kumene mpaka lero sindipitako popanda chifukwa chachikulu. Anthu ake ndi abwino. Vuto lawo ndi lakuti saiwala.

Zinachitika zaka zija mafakitale a ku Kafue ankachotsa anthu mwaunyinji. Ine ndinali nditasunga katundu m'fakitale ina kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kenako tsiku lina anatipatsa makalata n'kutithokoza. Ndinayamba kukhala pakhomo ku Nangongwe, kuwerenga nyuzipepala zakale ndi kutsekereza mkazi wanga njira akamasesa. Choncho abusa atalengeza m'tchalitchi kuti kukubwera achinyamata asanu ndi mmodzi a ku Ulaya, odzipereka kudzamanga zipinda ziwiri za sukulu kumudzi, ndipo akufuna munthu womasulira, dzanja langa linakwera. (Linakwera chifukwa mkazi wanga analigwira pachigongono n'kulikankhira m'mwamba.)

Mtsogoleri wawo anali mtsikana dzina lake Anna, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandifotokozera bwinobwino. Iwo abweretsa simenti, malata ndi zida. Mudzi upereke manja: kukumba maziko, kututa mchenga, kutunga madzi. Anali ndi masabata atatu okha, ndipo anthu akapanda kubwera m'masiku atatu oyamba, amene anawatuma adzawasamutsira kumudzi wina umene unali kudikira. Ana a m'mudzi tinkapitawo ankaphunzirira pansi pa mkuyu, mvula ikagwa sukulu n'kuweruka.

Lolemba m'mawa tili m'galimoto, Anna anandipempha kuti ndimuphunzitse chiganizo chimodzi choti akauze anthu m'chilankhulo chathu. Ndinamulembera m'Chinyanja cha m'tauni, chifukwa anthu a kumeneko ndi Asoli ndi Atonga ndipo ndicho amamva: "Tabwela kukumangilani sukulu."

Anawerenga mokweza. "Tabwela kukumangani sukulu."

Ndinamva. Ndisaname, ndinamva bwino lomwe kuti wameza zilembo ziwiri, ndiponso kuti kumangira munthu ndi kumanga munthu ndi zinthu zotalikirana ngati sukulu ndi ndende. Koma muyenera kundimvetsa. Kufakitale, bwana akanena kuti zisanu kuphatikiza zisanu zimakwana zisanu ndi zinayi, unkavomera, n'kukakonza wekha mwakachetechete m'buku. Amene ankakonza bwana pamaso sankafika Khirisimasi. Tsono Anna atanditembenukira, nkhope ili ngwee, n'kufunsa ngati wakhoza, pakamwa panga panayankha pokha kuti wakhoza kwambiri. Mumtima ndinati mawu akuti sukulu ali kumapetowo atipulumutsa.

Zina ndinazidziwa pambuyo pake. Kalata yonena za alendowa inapita kwa mphunzitsi wamkulu, amene anali atapita ku Lusaka, ndipo anthu anangouzidwa kuti asonkhane. Komanso mwezi wapitawo a zankhalango anali atagwira amuna awiri a m'mudzimo ndi matumba a makala. Pafupifupi mwamuna aliyense kumeneko ankawotcha makala kuphiri. Ndiye taganizirani mmene tinafikira: galimoto yobwereka yobiriwira ngati ya a zankhalango, mnyamata wina wachizungu atakoleka paphewa chingwe choyezera maziko, ine nditavala jasi langa la kaki la kufakitale, buku lalikulu kukhwapa.

Anna anaimirira pansi pa mkuyu paja. Anapereka moni, anthu anayankha mosangalala. Kenako anakweza mawu:

"Tabwela kukumangani..."

Mawu omaliza anamuthawa. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kutola mawu ena amene ankawadziwa.

"...nonse!"

Anamwetulira, kudikira kuti amuombere m'manja. Kunangomveka mbuzi.

Apa ndipo ndikanalankhula. Mawu asanu okha akanakwana. Koma kumukonza pamaso pa mudzi wonse, pa tsiku lake loyamba? Ndinaganiza kuti ndingopitiriza ndi dongosolo la ntchito, zonse zidziwongola zokha. Ndisanayambe, bambo wina wachikulire, ba Moonga, amene anali wapampando wa komiti ya makolo, anaimirira chipewa chili m'manja.

"Ba kalaliki, ivi vamene bakamba aba, ni vazoona?"

Ine mutu unali kale pa dongosolo. Ndinayankha mwachidule za ntchito ya mawa lake m'mawa, monga mwa chizolowezi changa.

"Ni vazoona. Tiyamba mailo kuseni na amuna. Azimai pa Chitatu."

Ndinatsegula buku kuti ndilembe maina a okumba maziko. Nditadzutsa mutu, theka la msonkhano linali litasungunuka. Ndinalemba maina anayi okha, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti atatu mwa iwo anali a anthu amene anamwalira kale.

Lachiwiri tinafika m'mamawa ndi makasu ndi mapiki. M'mudzi munalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Ngakhale agalu ankaoneka kuti atsala aakazi okhaokha. Pamenepo ndinazindikira bwino chimene ndinachita. Alendo anayesa kukumba okha. Nthaka ya kumeneko m'chilimwe ili ngati simenti, ndipo pofika masana manja awo anali matuza okhaokha, dzenje losakwana kubzalamo nthochi.

Anna anabwera pamene ndinaima. Anafunsa ngati anthu sakuifuna sukuluyo, kapena ngati iye walakwitsa china chake.

Mwayi wachiwiri umenewo. Ndinauyang'ana ukudutsa.

"Kuli maliro," ndinatero.

(Kwathu kuno maliro amafotokoza chilichonse. Munthu akajomba kuntchito, akachedwa, akasowa mwezi wathunthu, ukangoti maliro palibe amafunsanso. Sindinadziwe kuti mzungu amafunsa.)

Madzulo nditafika kunyumba ndinamuuza mkazi wanga zonse. Anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Atatha anapukuta misozi n'kunena kuti, "Atate ake Grace, mawa mukanene zoona. Anawo akataya sukulu chifukwa cha manyazi anu, m'nyumba muno mudzadya manyazi omwewo." Ndinalonjeza.

Lachitatu, tsiku lomaliza lija, ndinakwera galimoto nditakonzeka kuulula. Ndinapeza onse asanu ndi mmodzi atavala zovala zakuda, atsikana atamanga zitenje zimene anagula pamsika. Kumbuyo kunali thumba la ufa ndi shuga. Anna anati sangayambe ntchito asanakapepese anamfedwa, ndipo anandipempha mawu oyenera kunena pamaliro. Munthu atavala chitenje chifukwa cha bodza lako, umayambira pati? Ndinamuphunzitsa kuti "Pepani." Awa okha anawatchula bwino kuposa ine.

Ndinkayembekeza kuti tizungulira m'mudzi, tisowa maliro, ine n'kunena kuti mwina aika kale. Koma pakhomo pa ba Moonga panali amayi oposa makumi awiri atakhala pamphasa, nkhope zili khuma, akukambirana zoti achite amuna awo atagona kuphiri masiku awiri. Anna sanafunsenso. Anapita molunjika kwa mayi amene anakhala pakati, mkazi wa ba Moonga, amene onse ankamutcha bina Mutinta. Anagwada, anaika shuga pansi, anamugwira dzanja.

"Pepani, amai. Pepani kwambili."

Bina Mutinta anayang'ana shuga. Anayang'ana zovala zakuda zija. Kenako anandiyang'ana ine.

"Pepani ya chani? Ba kalaliki, niuzeni. Ba Moonga mwabapeza? Mwabachita chani?"

Sanadikire yankho. Anaika manja kumutu n'kuyamba kulira, amayi onse aja n'kumulandira. Alendo anaweramitsa mitu mwaulemu, mtsikana wina n'kuyambanso kulira nawo. Maliro amene ndinawapeka aja anali atayamba ndithu, ndipo ndinali ndekha padziko lonse amene ndinkadziwa kuti palibe wakufa.

Sindine munthu wokuwa. Ana anga sanandimvepo ndikukweza mawu. Koma tsiku limenelo ndinakwera pamtondo umene unali chigonere pabwalo, n'kukuwa mpaka nkhuku zinathawa.

"Palibe wamene afa! Palibe wamene azamangiwa! Aba banabwela kumangila bana banu sukulu! Kumangila, osati kumanga! Nine ninalakwisa!"

Kenako ndinatembenuka n'kunena zomwezo m'Chingerezi, zonse, kuyambira m'galimoto muja. Kumasulira kulakwa kwako m'zilankhulo ziwiri ndi ntchito imene sindifunira munthu aliyense.

Bina Mutinta anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Imwe, nchito yanu ni chani pali aba bazungu?"

"Nine womasulila."

"Womasulila. Mwamanga mudzi onse na pakamwa, ndimwe womasulila. Tiyeni kulupili mukabamasule."

Ndinakwera phiri limenelo ndi nsapato zanga za kutchalitchi, bina Mutinta patsogolo, amayi ena asanu pambuyo, akundiperekeza ndi mawu amene sindingawalembe pano. Amuna aja atangoona jasi la kaki anayambanso kuthawa, mpaka ndinalivula n'kulisiya pachitsamba. Ba Moonga tinawapeza atakhala kuseri kwa uvuni wa makala, maso ofiira ndi utsi. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira. Pomaliza anangoti, "Mwana wanga, sukulu munafika nayo patali?" Ndinati ndinamaliza Fomu 5. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za matenda osachiritsika.

Dzuwa lisanapendeke amuna oposa makumi atatu anali pamalo paja ndi mapiki, ndipo pofika madzulo maziko a chipinda choyamba anali atakumbidwa. Alendo sanasamutsidwe. Masiku awiri amene anatayika aja anachititsa kuti achoke denga lisanakhomedwe, koma ba Moonga ndi anzawo analikhoma okha mvula isanayambe. Ine komiti inagamula kuti popeza mawu anandikanika, ndizitunga madzi limodzi ndi amayi. Ndinasenza ndowa masiku onse otsalawo, ndikumasulira ili pamutu.

Anna sanakwiye. Anangondifunsa chifukwa chimene sindinamuuze m'galimoto muja. Ndinati sindinazolowere kukonza bwana. Anati iye si bwana, ndi mwana wasukulu amene anagulitsa njinga yake kuti apeze ya ndeke, ndipo kumusiya akulakwitsa si ulemu ayi. Mawu amenewo anandilowa, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti kuyambira tsiku limenelo wamkulu akalakwitsa ndizimuuza pomwepo.

Ndimayesetsa ndithu. Kungoti abusa amene tili nawo panopa akhala akunditcha ba Tembo kwa zaka ziwiri tsopano, pamene ine si Tembo, ndipo mwezi watha ananditcha choncho pa guwa pondithokoza. Ndinaimirira n'kuwerama. Ndikudikira mpata wabwino.