Tsiku limene ndinadzoza Sajeni mafuta

Anthu akandifunsa za zipsera zili pamikono yangayi ndimati ndinagwa panjinga. Lero ndiulule: palibe njinga imene inandigwetsa. Anandilemba chonchi ndi mphaka, ndipo mlandu wake utati upite kubwalo, mphakayo angawine.

Nthawi imeneyo ndinali nditangotumizidwa kumene ku Monkey Bay kuchokera kwathu ku Ntcheu, kukaphunzitsa pasekondale ina yoyendera (phunziro lake ndikanakonda musafunse, koma chabwino, ndi Bayoloje). Ndinkachita lendi kanyumba ka kuseri kwa mayi ena achisilamu, Abiti Jafali, ogulitsa usipa ndi utaka wouma. Mayiwa anali ndi mphaka wamkulu wamawangamawanga, dzina lake Sajeni, amene anawasiyira malemu amuna awo. Ntchito yake inali kulondera matumba a nsomba, ndipo khoswe wa dera limenelo akafuna kudutsa pakhomopo ankayamba watsanzika abale ake.

Lachinayi lina m'mawa Abiti anandigogodera.

"Aphunzitsi, ndikupita ku Makanjira, kuli sadaka ya achimwene anga. Ndikatha sabata. Mundionereko Sajeniyu. Savuta, mitu ya usipa ndi madzi, basi."

"Musade nkhawa, amayi," ndinatero. "Mudzamupeza ali bwino kuposa mmene mwamusiyira."

Taonani pakamwa. Munthu wakupempha kuti uzingodyetsa, iwe ukulonjeza chitukuko.

Tsiku lomwelo Sajeni anasamukira pampando wanga, ndipo pofika madzulo akakolo anga anali atayamba kuyabwa. Nditamufunyulula ubweya wa pakhosi ndinaona nthata zikuthamangitsana ngati ana a fomu wani belu lowerukira likalira. Mumtima ndinati, eya, chitukuko chija chiyambire pano.

Mawa lake kusukulu ndinapeza mphunzitsi mnzanga, Madamu Chirwa, atayala timabotolo patebulo. Ankagulitsa mafuta onunkhira opangidwa kuchokera ku masamba ndi makungwa a mitengo, ndipo aliyense wodandaula kanthu, kaya mutu, kaya ziphuphu, kaya udzudzu, anali ndi kabotolo kake.

"Awa ndi achilengedwe, aphunzitsi, mulibe makemikolo," anatero akundinunkhitsa. "Awa ndi a bulugamu. Awa amati a titiri."

"A chiyani?"

"A titiri."

Mutu wanga wa munthu wophunzira unagwira ntchito pompo. Titiri, utitiri. Utitiri ndi nthata ndi pachibale. Ngati dzina lenilenilo likutchula mdani, ndifunsirenji zambiri? (Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi dzina lachingerezi la mtengo wina wa kunja, wosadziwana ndi utitiri ngakhale pamaliro.)

Ndisawanamizire Madamu. Nditanena za mphaka anagwedeza mutu. "Ine ndimadziwa za anthu, za amphaka sindikudziwa ayi."

"Nyama zoyamwitsa thupi lathu ndi limodzi," ndinawayankha ndi mawu anga a m'kalasi aja. Ndinatenga mabotolo onse awiri.

Loweruka nditamwa tiyi ndinamunyengerera Sajeni ndi mutu wa chambo, n'kumupana pakati pa miyendo. Kuseri kwa kabotoloko kunali timalemba ting'onoting'ono, koma magalasi anali kuchipinda, ndipo kuchipinda kunali kutali, masitepe ngati asanu ndi limodzi. Ndinadontheza madontho awiri pakhosi. Nthata zinangosuntha pang'ono ngati anthu opatsana malo m'minibasi. Ndinawonjezera asanu. Kenako ndinati nthata za kunyanja n'zolimba, zinazolowera kutentha, ndiye ndinathira a titiri m'chikhatho, kusakaniza ndi a bulugamu, n'kumutikita kuyambira m'makutu mpaka kumchira. Ankanyezimira ngati mkwati. Ndinamujambula n'chithunzi chomwe, choti ndidzaonetse Abiti.

Nditangomusiya anakwera pakhonde n'kuyamba ntchito imene mphaka aliyense padziko lapansi amagwira akamva kanthu pathupi: kudzinyambita. Ine ndinaima poteropo n'kumasangalala kuti akudzikonza.

Dzuwa lisanafike paliwombo ndinamva kugwa kwa mbale. Nditatuluka ndinapeza Sajeni akudzandira ngati munthu wochokera kokachasu. Miyendo yakumbuyo inkapita kwina, yakutsogolo kwina. Dovu linali chuchuchu, thupi lonse likunjenjemera. Anayesa kudumphira pampando, anaphonya, n'kugona chammbali akundiyang'ana. Apa nthabwala zonse zinandithera. M'maganizo ndinaona nkhope ya Abiti, ndinaona katundu wanga ali panja, koma choposa zonse ndinaona kanyama kamene m'mawa womwewo kanadya m'manja mwanga kosakayika chilichonse.

Ndinakuwa. Woyamba kufika anali Mayi Phiri, mkazi wa msilikali wa nyumba yoyandikana nafe, kenako Che Bakali, mkulu wina wosoka maukonde pansi pa mtengo wa mango.

"Ameneyu wadya khoswe wa mankhwala," anatero Che Bakali. "Mumwetseni mkaka."

"Eya, mwina khoswe," ndinavomereza msangamsanga (khoswe sakanatha kudziteteza, ndiye anali woyenera kusenza mlanduwu).

Koma Mayi Phiri anawerama n'kununkhiza. "Khoswe wake wodzola perefyumu? Aphunzitsi, mwamupaka chiyani mphakayu?"

Ndinatulutsa timabotolo tija m'thumba ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Mayiwo sanataye nthawi yondiseka, anasunga kusekako kuti adzagwiritse ntchito bwino pambuyo pake. Anaimbira Bambo Gondwe, alangizi a ziweto amene ankawatemerera nkhuku, n'kundipatsa foni.

"Musamumwetse kanthu, kaya mkaka kaya chiyani, angatsamwe," anatero Bambo Gondwe nditafotokoza. "Musamusanzitsenso. Tengani sopo wotsukira mbale ndi madzi ofunda, mumusambitse mpaka fungo lithe, mumupukute, mubwere naye kuno msanga."

Abale anga, amene sanasambitsepo mphaka asamanene kuti anaona mavuto. Nyama imene inkalephera kuima ija, itangokhudza madzi a m'beseni inapeza mphamvu za makolo ake onse. Zikhadabo zinalowa pamkono wamanja, n'kutsika nazo mpaka pachigongono. Ndikuti ndisinthe dzanja, wamanzere nawo analandira gawo lake. Mayi Phiri ankathira madzi, Che Bakali ankapereka malangizo ataima patali ndithu, ine ndikupaka thovu uku ndikupepesa. "Pepani a Sajeni, pepani bwana." Ndinamusambitsa katatu. Madzi achitatu anali ofiirira, ndipo magaziwo sanali ake.

Tinamukulunga m'thaulo langa, kumuika m'katoni, ine n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Panjira ndinamva kutentha pantchafu. Ndinayamba kuganiza kuti ndi injini. Sinali injini. Ndinafika kwa Bambo Gondwe buluku lili chonyowa malo oipa kwambiri, mikono ili magazi, thupi lonse likununkha bulugamu ndi zinazo.

Bambo Gondwe anali munthu wofatsa. Anamuyeza Sajeni, kumubaya jakisoni woletsa kunjenjemera, kumuika diripi, ndipo atamaliza m'pamene anatembenukira kwa ine.

"Chiwindi cha mphaka si cha munthu, si cha galunso. Mafuta amenewa chimalephera kuwachotsa m'magazi. Amalowa pakhungu, ndiye akadzinyambita amamwanso ena. Ngakhale mankhwala a nthata a galu mukapaka mphaka mukhoza kumupha. Amphaka ali ndi awoawo."

"Koma anati ndi achilengedwe," ndinayesa kudziteteza ndi mawu otsika.

"Mwabvi nawonso ndi wachilengedwe, bambo. Mumagwira ntchito yanji?"

Ndinayang'ana kudenga. "Ndine mphunzitsi."

"Wa phunziro lanji?"

"Zosiyanasiyana," ndinatero.

Anandiuza mosabisa kuti sangalonjeze kanthu, tione masiku awiri atatu. Lamulungu kutchalitchi ndinapempherera "wodwala wina wa pakhomo pathu" osatchula dzina. Lolemba ndinaphunzitsa ngati munthu wobwereka mutu, belu litangolira ndinathamangira kwa Bambo Gondwe. Ndinapeza Sajeni atadzutsa mutu. Lachiwiri ananyambita msuzi wa usipa, ndipo nditayandikira anandifwenthera mwaukali. Sindinasangalalepo chonchija ndi chipongwe. Lachitatu ndinabwera naye kunyumba.

Abiti anafika Lachinayi masana. Ndinali nditakonza mawu anga bwinobwino, oyamba ndi mbiri ya nthata m'dziko muno. Ndinavala malaya a manja aatali ngakhale kunkatentha koopsa. Anakhala pamkeka, Sajeni anabwera pang'onopang'ono, wowonda, n'kukwera pamiyendo pawo.

"Amayi, pali kankhani pang'ono," ndinayamba.

"Ndamva kale, aphunzitsi. Wa kabaza amene wanditenga pasiteji ndi yemwe uja munamunyowetsera mpando."

Iwo anapitiriza kusisita mphaka wawo, osandiyang'ana.

"Amuna anga anandisiyira zinthu ziwiri, bwato ndi mphakayu. Bwato linasweka ndi mwera chaka chomwecho." Ndinalakalaka akanangondilalatira. "Alihamudulila, ali moyo. Ndamvanso kuti munathamanga naye, simunabise. Tapindani malayawo ndione."

Ndinapinda. Anayang'ana mikono yanga, anayang'ana Sajeni, kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

"Basi, mlandu anaweruza yekha mwini wake. Koma ulendo wina ndikamachoka, ndidzauza Sajeni kuti azikuyang'anirani inuyo."

Nthata zinadzatha ndi mankhwala a amphaka amene Bambo Gondwe anatipatsa, kadontho kamodzi kumbuyo kwa khosi, komanso kuchapa ndi kuyanika zogonera zonse padzuwa. Anadontheza okha Abiti. Ine anandipempha kuti ndiime kuseri kwa mpanda.

Ndinakhala pakhomopo zaka zina ziwiri, ndipo Sajeni sanandiyandikirenso ndili ndi botolo m'manja. Ngakhale la thobwa, ankangoti akaliona, uyo padenga. Ndimati ndikaganiza, iye anaphunzira tsiku limodzi lokha ndipo sanaiwale. Ine mwezi wathawu mlongo wanga anandiimbira kuti mbuzi yake ikutsokomola, ndipo ndinadzimva ndekha ndikuti, "Usavutike n'kupita kutali, ndikuuza chochita."