Masaitokaini Anga ndi Odzandizonda

Lolemba

Tsopano matenda anga ali ndi dzina, lachingerezi, lalitali. Miyezi itatu thupi likutentha madzulo aliwonse, mawondo ndi zala kuphwanya, totupa tofiira tobwera ndi kutenthako n'kuzimiririka m'mawa. Malungo ayeza kanayi, osawapeza.

Lero dokotala wandijambulira papepala. Akuti m'magazi muli timithenga totchedwa masaitokaini. Ntchito yake ndi kukuwa tizilombo tikalowa m'thupi, kuti asilikali a thupi athamangire. Anga akungokuwa popanda wakuba. Asilikali akafika n'kusowa wommenya, akumenya ine mwini nyumba. Masaitokainiwa ali ndi manambala ngati maeriya a mu Lilongwe: wina 1, wina 6, wina 18. Wa 18 akuti ndiye wapakamwa kwambiri. Sindikudabwa, mlamu wanga amakhala komweko.

Matendawa ndi osowa. Mwina m'Biwi monse muno ndine ndekha. Koyamba m'moyo wanga ndakhala nambala wani!

Malamulo a dokotala: mapilisi m'mawa nditadya, kupuma sabata yathunthu, kupewa chigulu ndi otsokomola chifukwa mankhwalawa akutontholetsa chitetezo. Lolemba likubwerali ayezanso magazi. Akapeza kuti phokoso lachepa, ndibwerera pa mashini anga osokera. Apo ayi, andigoneka m'wodi. Wodi ndimaiopa.

Pulani: kugona. Basi.

Lachiwiri

Ndagona mphindi makumi anayi. "Odi kuno!" Mayi Nyirenda a nyumba yoyandikana, atanyamula jinja, adyo ndi mandimu. "Izi n'zokweza chitetezo, amama."

Ndikuwalongosolera kuti changa chakwera kale, chili padenga, tikufuna kuchitsitsa. Akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Chitetezo sichichuluka, mwana wanga. Imwani."

Ndamwa. Wodzakuzonda sabwezedwa pakhomo. Akhala mpaka dzuwa kupendeka, kundisimbira za msuweni wawo amene anayamba chonchi chomwechi. Maliro ake akuti anayenda bwino kwambiri.

Lachitatu

Nkhani yamveka kumpopi. Lero ozonda asanu ndi awiri. Matenda anga malinga ndi madokotala a m'Biwi:

shuga
BP
magazi ochepa
kuganiza kwambiri
kulodzedwa ndi telala mnzanga wa kuseri kwa nyumba yathu, chifukwa cha nsanje ya makasitomala

Palibe watchula masaitokaini. Ndatulutsa pepala la dokotala lija. Alandilodi alitembenuza kawiri, n'kuti, "Ndiye kuti m'thupi mwanumu muli a neba wotchi oledzera." Kunena zoona, amvetsa kuposa onse. Kenako atsokomola katatu osatseka pakamwa.

Tiyi ndaphika ndine. Amuna anga, bambo a Chiko, ali kuntchito, ndipo mlendo sungamusiye kukhosi kouma. Makapu ndatsuka ndine, ndi zala zokana kupindika. Madzulo thupi moto! Nambala 6 ndi nambala 18 akuyeserera kwaya.

Lachinayi

Pulani yatsopano: bambo a Chiko akhoma loko kunja popita kuntchito, ine phee m'kati ngati mulibe munthu. Nzeru zapamwamba. Zagwira ntchito ola limodzi.

Ndiye nkhope pawindo. Apongozi anga, kuchokera ku Mchinji, nkhuku kukhwapa, chikwama pamutu! Ndagwira mpweya. Ndayetsemula. Zimene anena za mwana wawo wotsekera mkazi wodwala m'nyumba ngati mbuzi sindingazilembe m'buku muno. Kiyi wachiwiri ndawapatsira pawindo pomwepo.

Abwera kudzandisamalira. Sakudziwa pali mchere, sakudziwa pali machesi, mbaula yathu akuti ndi yamwano. Funso lililonse ndikudzuka ndine. Pomaliza nkhuku ndaisosola ndine, iwo ataima pambali kundiuza kuti ndisadzitopetse. Ndimawakonda apongoziwa, koma lero ndikufuna kulira.

Lachisanu

Amayi a kumpingo, khumi ndi anayi, m'chipinda changa chogona. Wina wakhalira phazi langa. Nyimbo zisanu, mapemphero atatu, aliyense kufinya dzanja lotupa lija ndi mphamvu zonse za chikondi.

Wapampando wati nditchule vuto langa kuti alipempherere ndi dzina. Ndatchula. Wapemphera kuti masaitokaini anga "achuluke, alimbe, asagone usana ndi usiku!" Onse: "Ameni!" Ine Ameni wanga watuluka wapansipansi. Atachoka ndalikonza pempherolo ndekha, kuti Kumwamba asasokonezeke.

Pa nyimbo yomaliza misozi yatsika ndithu. Ena mwa amayiwa ayenda wapansi kuchokera ku Area 36 chifukwa cha ine. Koma Ambuye, tulo!

Loweruka

Apongozi andifunditsa bulangeti pa mphika wa masamba a bulugamu. Ndatulukamo ngati mbatata yowiritsa. Mapilisi anga awaika pamwamba pa kabati kuti "thupi lipume kaye." Atapita kumsika ndakwera pampando, ndawatsitsa, ndamwa. Mawondo sanandikhululukire.

Ozonda lero: anayi, kuphatikizapo telala wa kuseri uja. Wabweretsa nthochi. Apongozi aziponya kudzala iye asanafike n'komwe pamsewu.

Ndiye bambo a Chiko abwera ndi uthenga, akumwetulira ngati n'zabwino. Mawa alengeza dzina langa m'tchalitchi, ndipo akaweruka mpingo ubwera kuno. Wonse. Ndi kwaya ya achinyamata, ndi ng'oma zawo.

Ndakhala pansi, ndaganiza. Wodwala amamutsatira kunyumba, wochira samutsatira. Mawa ndivala diresi langa lobiriwira, ndikaonekere ndekha.

Lamulungu

Ndapita. Benchi lakumbuyo, pafupi ndi windo, kutali ndi otsokomola. Mfundo zonse zikulira, koma ndikumwetulira mpaka mano kuuma. Mapilisi ayamba kunditupitsa masaya, ndiye aliyense: "Eee, mwanenepatu! Mwachira!" Sindinatsutse. Abusa andiimiritsa, mpingo wonse m'manja ndi nthungululu.

Kunyumba sikunabwere munthu. Ndagona maola awiri athunthu, oyamba sabata ino.

Chakumadzulo Mayi Nyirenda aima pakhomo, osalowa n'komwe. Poti ndachira, ndipo kuwawa kwa matenda ndikukudziwa, amayi andisankha kukhala wotsogolera gulu lozonda odwala. Tiyamba Lachiwiri. Ku Area 25 kuli bambo wina amene dokotala wamuuza kuti apume. Tikupita anthu khumi ndi asanu, nyimbo ndikasankhe ndine.

Thupi layambanso kutentha pa nthawi yake, silichedwa. Mawa kukayezetsa magazi, ndipo zotsatira ndikuzidziwa kale. Ndalongedza chikwama: zitenje ziwiri, kapu, sopo, mswachi. Sindikuopanso wodi. Kumeneko ozonda ali ndi nthawi yawo, ndipo pageti pamakhala mlonda wa ndodo.