Chala Changa pa Valavu ya Ndege

Sekani ndithu, inu nonse a pamzere wa mjigo uno amene mumati Esinati wa kwa a Mwale satsegula pakamwa ngakhale mutamuponda phazi. Ine ndinaulukapo pamwamba pa lokeshoni yathu yonse ya Mufakose ndili kunja kwa ndege, ndipo amene akukana abwere adzaone chala changa chachikuluchi. Mayi Banda, musakankhe kaye wilibala yanuyo. Inu ndinu amene mumandisungira malo pamzere ndikachedwa, ndiye nkhaniyi ndi yanu kuposa onsewa.

Mukudziwa kuti nditamaliza Fomu 4 ndinapeza malo ophunzira ntchito pa kabwalo ka ndege zing'onozing'ono kunja kwa tauni. Amene amandiphunzitsa ndi bambo Chisale, makaniko wamkulu, munthu amene amanyema banzi lake pakati, n'kusiya theka pa benchi, n'kuyang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi potenga. Iwo ndiwo anandionetsa valavu yotulutsira oyilo. Ndi kachitsulo kochepa kamene kamakhala pansi penipeni pa injini. Umavekapo payipi, umakakankhira m'mwamba n'kupotoza, oyilo wakale n'kutsikira m'chidebe akadali wofunda. Ukakabweza, sipuling'i imatseka, ndipo kamphira kozungulira ka m'kati kamagwira kuti pasadonthe kanthu. Kamphirako kakang'ambika oyilo amathawa, ndipo injini yopanda oyilo imauma gwa ili m'mwamba, kumene kulibe poimika pambali ngati kombi, maminibasi athu aja.

Tsiku limenelo tinathira oyilo watsopano m'kandege koyera. Bambo Chisale anatseka valavu, anaona kuti pauma, napita kukalonjera woyendetsa ndegeyo, bambo Moyo. Ine ndinatsala ndikupukuta pansi, ndiye ndinaona dontho. Kenako lina. Kenako kaulusi ka oyilo kosadukiza. Kamphira kaja kanali katang'ambika.

Ndinathamanga kukanena, koma ndinapeza akuluakulu ali pa malonje, ndipo inu mukudziwa kuti kwathu mwana salowerera akulu akamalankhula. Ndinagwada chapatali, ndinaomba m'manja pang'onopang'ono, ndinati, "Pamusoroi," kupempha mpata mwaulemu. Amene anamva ndi nyerere yokha imene inali pa bondo langa, ndipo inatembenuka. Iwo anafunsana za ana, za adzukulu, za mwendo wa apongozi, za chimanga cha kumudzi, ine ndikudikira kuti apume mpweya, ndipo pamene ndimadzutsa mutu bambo Moyo anali atakwera kale, chitseko chatsekedwa, ndege ikuyenda.

Zinalipo ziwiri: kukuwa pamaso pa anthu, kapena kuthamangitsa ndege. Ndinasankha chosavuta.

Mukumva? Ndinaipeza ikudzutsa mphuno, ndinalumpha, miyendo ndinakulunga pa chitsulo cha tayala lakutsogolo, dzanja ndinalowetsa pa kabowo ka pansi pa injini, chala chachikulu ndinatseka nacho valavu, dzanja linalo ndinagwirira duku chifukwa tsitsi ndinali ndisanapese, ndipo tinakwera, tinakwerabe, mpaka njanji za ku Lochinvar zinaoneka ngati zingwe za nsapato, mpaka mtambo wina unandilowa m'kamwa ndipo ndinaumeza chifukwa kulavula pagulu si khalidwe. Oyilo anali wotentha moti chala chinayamba kupsa, fungo la nyama yootcha linatsika mpaka ku Mbare, agalu onse a kumeneko n'kuyamba kutsatira mthunzi wa ndege, ndipo khwangwala wina anadzatera pa phewa langa n'kundiyang'ana m'maso momwemu, ine n'kuyang'ana pansi, n'kumufunsa ngati wadzuka bwino.

Mukuti bwanji sindinagogode? Ndinagogoda! Ndinagunda mimba ya ndege ndi chigongono kamodzi, ndinati, "Odi." Bambo Moyo sanayankhe, ndiye ndinaganiza kuti atanganidwa.

Pamwamba pa Glen View chala chinachita dzanzi, ndinachisuntha pang'ono, ndipo dontho limodzi linapulumuka n'kukagwera pamene amapalira mipando paja, n'kumwazika pa mawadiropu, pa mabedi, pa matebulo, zonse n'kunyezimira moti akalipentala anasiya kugula vanishi, ndipo mayi wina amene ankadzagula sofa anaterereka atangokhalapo n'kukaima ku Budiriro ali chikhalire. Dontho lachiwiri linagwera kombi yakufa ija inali pa njerwa kuseri kwa mashopu, ndipo inalira yokha, inanyamuka yopanda matayala, hwindi wake, kondakitala uja, akuithamangira pambuyo uku akuitanira anthu. Lachitatu linagwera mjigo womwe uno. Kale unkalira kwii kwii mpaka kutchalitchi, nanga lero mukuumva?

Tikudutsa pamwamba pa nyumba yathu ndinaona amayi akuyanika zovala. Anayang'ana m'mwamba, anandizindikira, ndipo mawu awo anaposa injini: "Esinati! Mwana wamkazi amakhala choncho? Bweza miyendo!" Ndinabweza umodzi. Ndinapitiriza ulendo ndi mwendo umodzi, ndikulumbira pamaso pa nonsenu.

Amene anatipulumutsa ndi bambo Chisale. Anaona chithaphwi cha oyilo pamene panaima ndege, anaona chisanza changa chopukutira chili chokha, naitana bambo Moyo pa wailesi kuti abwerere. Potera, mabuleki anali nsapato zanga, ndipo mizere iwiri yakuda ikadalipo pabwalopo. M'mwamba monsemo oyilo amene anatayika ndi madontho atatu aja basi. Koma chala chinakana kuchoka, chinali chitatupa mozungulira valavu, moti anachita kumasula valavu yonse ndi sipanala ine ndikuzungulira nayo limodzi, ndipo ndinabwera nayo kunyumba m'kombi ili pachala ngati mphete, anthu n'kumandifunira mafuno abwino a ukwati.

M'mawa mwake chala chitaphwa, tinaikamo kamphira katsopano, tinabwezeretsa valavu, tinaimanga ndi kawaya kake kuti isamasuke. Bambo Chisale sanandikalipire. Anasiya banzi lathunthu pa benchi, ndipo osandiyang'ana anati, "Mwananga, ukaona chinthu chikudontha uzikuwa, ngakhale ndikulankhula ndi abusa."

Ndinalonjeza, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine sindikhalanso chete, ndine munthu wolankhula zinthu nthawi yomweyo, mosazungulira. N'chifukwa chake ndakuimitsani, mayi Banda. Pepanitu. Chigubu chanu chachikasucho chabooka pansi. Ndinachiona chikudontha ndisanayambe nkhaniyi, ndiye mwina mwatsala theka.

Ayi, ndaona bwino tsopano, madzi athamo. Tengani malo anga pamzerepa, ine ndipita kumbuyo.