Mpando Wanga Uli Pakhonde

Lolemba
Lachisanu bodi ya kampani ya alimi athu ikumana kuti ivomereze lipoti la zachilengedwe. Ogula fodya akufuna kudziwa ngati tikubwezeretsa mitengo imene imathera m'mabalani. Tikanama, kontrakiti yatha. Mantha!
Tilipo asanu: wapampando, mng'ono wake, malume ake, msuweni wake, ndi ine. Ogula anati m'bodi mukhale mayi wophunzira, woima payekha. Ndiye anasankha ine, mphunzitsi wopuma ntchito. Wapampandoyo ndi mkamwini wanga.
Cholinga: kukawerenga ndekha mitengo, kukanena zoona.

Lachiwiri
Pa kabaza mpaka ku Chulu, kumene lipoti likuti tili ndi nkhalango. Zimene ndikuona:
bulugamu wamoyo, 41
zitsa, ndalekera pa 300 chifukwa cha bondo
mbuzi, 9, zonenepa
Wakabaza akuti, "Agogo, mthunzi tikaupeza kunyumba."

Lachitatu
Vuto: ndinena bwanji? Chikwatireni mwana wanga, ine ndi akamwini sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Ndatuma mwana wangayo. Yankho: "Amayi, mukufuna banja langa lithere pa bulugamu?"
Sindikufuna. Adzukulu alipo anayi.

Lachinayi
Ndikudzera kwa malume awo a akamwini, amene ndi mlembi. Ndawapeza akutsitsa nkhuni m'ngolo. Kani wogulitsa nkhuni kumabalani onse ndi iwowa! Akuti, "Mayi, chitsa ndi mtengo womwe. Chimaphukira."
Ndatsazika, ndabwerako.

Lachisanu
Msonkhano. Pondilemekeza, mpando wanga auika pakhonde, kuseri kwa zenera, kuti ine ndi akamwini tisaonane. Chaka chonse ndimayesa ndi ulemu!
Lipoti likuwerengedwa. Nkhalango yakula, mbalame zabwerera. Ndikukweza dzanja, khoma silikuona. Ndikutsokomola kawiri. Mkati mukumveka mawu a akamwini: "Apongozi avomereza. Apatseni fanta."
Ndamwa.

Loweruka
Msuweni wa akamwini wabweretsa lipoti kuti ndisaine. Pachikuto pali chithunzi changa, ndanyamula mbande, ndikumwetulira. Pansi pake alemba kuti ndine membala woona zachilengedwe. Liti? Ndani anandifunsa?
Akuti oyendera ochokera kwa ogula akadzabwera, wokawaonetsa nkhalango ndine, popeza Chingerezi ndimachitha. Ambuye! Zaka zonse zija ndikukwapula ana obera mayeso!
Ndati cholembera chauma. Wandisiyira chake.

Lamulungu
Kutchalitchi sindikumva kanthu. Mwana wanga wakhala pambali panga, akundikonzera duku. Ndikakana kusaina, ogula afunsa chifukwa, mudzi wonse usowa kogulitsa fodya, iyeyu abwerera kwathu ndi ana. Ndikasaina, wabodza ndine, chithunzi chilipo.
Ndasaina, mokhotakhota, kuti mwina nkudzakana.
Madzulo ano ndikufesa njere za mtengo wa kesha m'timapepala ta shuga, ngakhale sizingakule msanga chotero. Tsiku la oyenderalo ndidzakhala ku maliro. Kuno sasowa, ndipo palibe amene angakanditenge pasiwa.