Nkhuku Yadya Serotonini wa Apongozi

Lolemba

Apongozi aamuna asiya kumwa mapilitsi. Amwa masiku khumi okha. Akuti palibe chasintha, mtima ukadali wolemera. Kabotolo akasomeka mu udzu wa denga la pakhonde.

Chimwalirireni amama, akazi awo, ndi khansa chaka chatha, munthuyu sakudya, bawo analeka, buluku likuchita kugwa. Chimene sanasiye ndi kuthirira nazale ya fodya ku dimba. Adokotala ku boma anati ndi matenda okhumudwa, ndipo anachenjeza: asadumphe tsiku, kusintha kumabwera pakatha mwezi kapena kuposa. Ndikuopa. Munthu akuzima ndikuona.

Amuna anga, bambo a Tiwonge, aimba kuchokera ku Joni: “Iwe si mphunzitsi wa bayoloje? Uwafotokozere adada.”

Kulamula n'kosavuta uli ku Joni! Ine ndine mkamwana. Kuno ku Champhira mkamwana sayang'ana apongozi kumaso. Zaka zisanu ndi ziwiri, changa ndi moni wogwada patali. Mawu ena onse amadzera kwa ankhazi, a NyaShaba, mlongo wawo.

Ndawerenga pa foni nthawi yonse yopuma. Mayo ine! Maselo a mu ubongo sagundana. Pakati pali kampata koti tsitsi ndi mtanda, ndipo chimwemwe chonse cha munthu chimawolokera pamenepo. Ndaziimba izi kwa a Fomu 4 zaka zambiri, koma lero ndiye zandilowa.

Pulani:
1. Kupanga ubongo wachitsanzo.
2. Kuphunzitsa ankhazi.
3. Ankhazi aphunzitse apongozi.
4. Lamlungu kabotolo katsike padenga.

Lachiwiri

Ndapita ku Jenda nditaweruka. Ndabwera ndi mabotolo awiri apulasitiki, waya, mapegi oyanikira zovala, soya wa m'kapu.

Ubongo watheka, uli pa lichero! Botolo lina ndi selo lotumiza uthenga, lina lolandira. Soya ndi serotonini, kamankhwala kamene selo limaponya pa kampata kaja. Chodabwitsa n'chakuti selo loponyalo ndi laumbombo: lili ndi kakhomo kake kotolera zimene laponya, kubwezanso m'thumba mnzake asanakhute. Ntchito ya pilitsi ndi kutseka kakhomoko. Ndiye pegi. Ndapana pegi, soya watsala pakati. Ndawomba m'manja ndekha m'khitchini ngati wamisala.

Koma imvani izi. Kakhomo kamatsekeka tsiku lomwelo, mtima n'kudzapepuka patatha masabata. Chifukwa chiyani? Asayansi akuganiza kuti m'masabata amenewo maselo amaphuka tinthambi tatsopano, kugwirana manja mwakachetechete. Akuganiza! Anthu a makina oonera zosaoneka, nawonso akuvomera kuti sanafike pansi pake. Mutu umene ndimasenzera ndowa uli ndi zonsezi mkati?

Lachitatu

Nkhuku yadya serotonini.

Ndinasiya lichero pakhonde ndikukatenga mpando wa ankhazi. Pobwera ndapeza thadzi langa lamawangamawanga laima pakati pa ubongo, likumaliza. Selo lolandira lagubudukira m'ngalande. Ankhazi aseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje: “Mbwenu nkhuku iyi siidzadandaulanso moyo wake wose!”

Ndaika timiyala m'malo mwa soya. Phunziro latenga ola lathunthu. Mafunso a ankhazi:
- Mapegiwa ndinagula pa sitolo iti?
- Munthu akameza pegi satsamwa?
- Lichero ndilibweza liti, poti ndi lawo?

Pomaliza ndawafunsa chimene akanene. Akuti: “Ndikati, a Shaba, imwani mankhwala, mkamwana wakwiya chomene.”

Ndiye pofuna kuti aone ukulu wa nkhaniyi, ndawauza zimene ndawerenga m'mawa. Mankhwala omwewa, kunja uko akuwayesa pa maselo a khansa osungidwa m'timbale tagalasi, ndipo maselo ena akuleka kuswana, ena akufa okha! Ndanena ndi manja m'mwamba. Ankhazi asiya kuseka. Anyamuka mofulumira, lichero n'kuliiwala. Ndagwira mtima wawo, ndithu mawa zitheka!

Lachinayi

Walira mvula walira matope.

Timbale tagalasi tagwera m'njira. Mawu oti “akuyesa” nawonso sanafike. Chafika kwa apongozi n'chakuti mapilitsi ali padenga aja amapha khansa.

Ndisanapite kusukulu, amayi awiri a tsidya la dambo ali kale pakhomo. Wina mlamu wake ali ndi chotupa. “Ndapota, aphunzitsi, mutigawireko ngakhale tiwiri.” Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma kuti apite naye kuchipatala. Achoka akundiyang'ana ngati ndabisa nyama.

Koma chachikulu si chimenecho. Apongozi sanatuluke m'nyumba mpaka dzuwa pamutu. Ankhazi abwera nkhope ili pansi. Akuti mlongo wawo anangofunsa funso limodzi: “Ndiye mankhwala a NyaMoyo analipo, mbwenu apatsa ine?”

NyaMoyo ndi malemu amama.

Ndaphunzitsa Fomu 2 za mizu ya nyemba osadzimva ndekha. Ndinafuna kuchotsa mwala pamtima pa munthu, ndasanjikapo wina. Manyazi ndi chisoni zandigwira pamodzi.

Lachisanu

Kabotolo kachoka padenga! Ndavina pang'ono kuseri kwa bafa.

Kuvina kwachabe. Apongozi akaika mu sutikesi ya malemu, pamodzi ndi zitenje ndi yunifolomu ya kumpingo. Akuti ndi katundu wa mwini wake, anangofika mochedwa.

Njira zokonzera:
1. Ankhazi abwererenso. Akana. “Ine yayi, ndatopa kukhala waya wa foni.”
2. Kalata. Ndalemba masamba atatu, chithunzi cha selo pamwamba. Magalasi a apongozi anathyoka pa maliro, sanafune ena.
3. Bambo a Tiwonge aimbe. Aimba. Apongozi ati ali bwino chomene, afunsa za nyengo ya ku Joni, adula.

Ndawerenganso, kufuna kutsimikiza kuti sindinaname. Sindinaname, ndinangothamanga. Selo lililonse m'thupi limabadwa ndi lamulo lakuti likawonongeka lidzithetse lokha kuti anzake akhale. Selo la khansa ndi limene laiwala lamulolo. M'kambale, mankhwala ena a mtunduwu akuoneka ngati akulikumbutsa. Zodabwitsa mpaka kuopsa! Koma kambale si munthu. Kuchoka m'kambale kufika pa bedi la wodwala ndi ulendo wa zaka, ndipo zambiri zimathera m'njira. Chiganizo chimenechi ndicho ndinayenera kuyamba nacho Lachitatu.

Thadzi laikira dzira m'selo lotumiza uthenga. Ubongo watha ntchito.

Loweruka

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndapita ndekha ku dimba.

Apongozi ndawapeza ndi keni m'manja, akuthirira mabedi ophimbidwa ndi udzu. Ndagwada patali, nkhope kuloza ku nthochi. Amayi atatu pa chitsime asiya kutunga, akuonerera zaulere.

Ndalankhula ndi nthochi. Ndati: “Adada, mundikhululukire. Mankhwala aja sakanawachiritsa amama. Za khansazo akuyesa chabe m'timbale, kwa anthu sizinatsimikizike. Palibe amene anawamana. Ndinalakwitsa ndine, ndinasangalala ndi zowerenga.”

Madzi okha kutsika m'keni. Kenako ndamva akufwenthera. Nanenso misozi yanga yatsika, nthochi ndiyo mboni.

Poti mwambo ndaswa kale, ndapitiriza. Kampata, kakhomo, pegi. Pa pegi atsokomola, ndadziwa kuti ndawataya. Ndalumphira pa tinthambi timene timaphuka mkati munthu osamva kanthu, masabata ndithu, bola osadumpha tsiku.

Keni yaima.

“Monga fodya,” atero.

Ndiye andiphunzitsa ine, kumbuyo kwanga. Mbewu ya fodya ndi fumbi, umaisungunula m'keni, pamene yagwera supaona. Umathirira dothi lopanda kanthu m'mawa ndi madzulo. Wopusa amakwiya tsiku lachisanu, n'kufukula udzu kuti aone. Ukadumpha tsiku limodzi dzuwa la mwezi uno, bedi lonse lapita. Bedi ili anafesa masiku asanu ndi limodzi apitawo, palibe chamera, ndipo sakudandaula.

“Sabata yose mabotolo na nkhuku, mbwenu nkhani ndi nazale? Mukananena Lolemba, mama.”

Ndabwerera kunyumba. Zimene asayansi akulimbana nazo ndi makina, munthuyu wakhala akuzithirira chibadwire changa.

Lamlungu

Mudzi wonse wamva. Kutchalitchi amayi akundipatsa moni wautali kuposa masiku onse. Ankhazi agamula pa sitepe pomwepo: mkamwana wolankhula ndi apongozi popanda mkhalapakati apepese ndi nkhuku.

Ndili ndi nkhuku imodzi.

Ndalinyamula thadzi, serotonini yense ali m'mimba, kukalitula pakhonde. Zotsala za pulani yanga:
- ubongo: mulibe, muli dzira
- kalata: ankhazi ayatsira mbaula
- lichero: labwerera kwa eni ake
- mapegi: ali pa chingwe, akugwira ntchito imene analengedwera
- mbiri yanga: yapita ndi mphepo ya ku Jenda

Apongozi alandira nkhuku. Alowa m'nyumba. Ndamva loko wa sutikesi. Atuluka ndi kabotolo, atembenuzatembenuza m'manja nthawi yaitali. Sanaseke, sanawale nkhope, buluku likadali lomangidwa ndi chingwe. Ndikudziwa kuti mawa adzadzuka ndi mtima wolemera womwewo, mkuja chimodzimodzi, ndipo palibe chimene ndingachite koma kudikira pa bedi lopanda kanthu.

Ankhazi anyamuka kuti akatunge madzi omwera. Apongozi awaletsa ndi dzanja.

“Apite mkamwana. Pakamwa watsegula kale, nkhuku walipira. Kuyambira lero wothirira ndi iyeyu, m'mawa uliwonse. Akadumpha tsiku, mlandu ngwake.”

Ndabweretsa kapu. Ndagwada, ndapereka ndi manja awiri, ndipo koyamba m'zaka zisanu ndi ziwiri ndaona maso awo. Ndi ofanana ndi a Tiwonge.

Ameza.