Aphunzitsi Saulos Sankafunsa Kawiri

Pa pulazi ina ya fodya kufupi ndi Trelawney, aliyense ankadziwa kuti aphunzitsi Saulos safunsa chinthu kawiri. Khalidweli analitola m'mabuku a kompyuta amene ankaitanitsa papositi, chikhalirecho kompyutayo anali asanaikhudzepo ndi chala chomwe.

Pasukulu ya pakomboni panalibe magetsi, ndiye ankangosandutsa ana makina. Uyu kiyibodi, uyu printa, eni ake pakati kugawa ntchito. Wa kiyibodi ankanong'oneza mawu, wa printa n'kumawalemba pabolodi pang'onopang'ono, chitini ndi supuni zili pambali.

"Printa ndi yochedwa," ankatero aphunzitsiwo. "Makina opusa amangoifunsa kuti watha? Watha? Kutaya nthawi kumeneko. Makina anzeru amaipatsa ntchito n'kupitiriza zina. Ikatha imaimba belu yokha."

Apo mwana uja ankamenya chitini, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

Tsoka lake nzeruzi anapita nazo kunyumba. Tsiku lina anapempha akazi awo, mai Luiza, madzi osamba. Maiwo anatanganidwa n'kuiwala. Bambo anakhala m'bafa la udzu, thaulo m'chiuno, mpaka dzuwa kupendeka.

"Nanga osaitana bwanji, bambo?"

"Ndimadikira belu."

"Belu lake liti? Mwandiyesa printa ine?"

Januario woyendetsa thirakitala anabwereka njinga yawo n'kukhala nayo miyezi isanu. Anabweza chifukwa cha manyazi basi.

Koma chinalipo chimene aphunzitsi ankachifuna ndi mtima wonse. Koleji ina ku Harare inawalonjeza malo akadzangobwera ndi chitupa. Iwo anabadwira papulazi pomwepo, makolo awo ochokera ku Malawi, ndipo analibe pepala lililonse. Mu 1992 anapita kamodzi ku ofesi ya zitupa m'tauni, analemba mafomu, anajambulitsa, n'kubwerako.

Chaka chinatha, chinanso chinatha.

"Pitani mukafunse," mai Luiza ankawachonderera. "Basi imadutsa tsiku lililonse pamsewupa."

"Ntchito yanga ili pamzere, mayi. Akatha andilembera kalata."

Maiwo ankadziwa kuti si za m'mabuku zokha. Amuna awo ankaopa kukauzidwa pamaso kuti ndinu mlendo, kwanu si kuno. Lachisanu lililonse ankamanga tayi n'kukaima pageti kudikira thumba la makalata, kenako n'kubwerera kukalasi chimanjamanja.

Anamwalira ndi chifuwa mu 1997. Mai Luiza atapita ku ofesi ija kukanena za imfayo, kalaliki anafufuza m'kabati natulutsa chitupa chachitsulo, nkhope ya aphunzitsi ili pomwepo.

"Ichi chakhala pano zaka zinayi. Ife sitilembera munthu, amayi. Mwini wake amabwera kudzafunsa."

Anthu a pakomboni atamva anayesa kuseka monga ankachitira ndi nkhani zonse za aphunzitsi, koma phwete linakana. Kusukulu kuli zii masiku ano, ana amangophunzira masamu. Mai Luiza amasunga chitupacho m'Baibulo lawo, ndipo akaona munthu wakhala phee kudikira yankho la m'tauni, amamukalipira mpaka akwere basi.