Kalongonda Wanga wa pa Khonde

Anzanga, mukamandiona ndikulambalala maluwa a m'miphika pakhomo pa anthu musamati ndi matama. Ndinapsapo ine, ndipo chinandiotcha sunali moto ayi.

Nditangotumizidwa kudzagwira ntchito pa Boma pano ku Phalombe, ndinapeza nyumba ya lendi imene munkakhala mkulu wina yemwe anali atasamutsidwa. Mkuluyo anasesa zonse, mababu, chingwe choyanikapo zovala, mpaka msomali wopachikapo kalendala anazula, koma kukhonde la kuseri, pansi penipeni pa windo la kuchipinda, anasiya chigubu chodula pakati muli kambewu ka masamba atatuatatu. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti wozula msomali angasiye bwanji chinthu chabwino. Ine ndinangoti mwayi wanga.

Paja ine ndinakulira m'tauni ku Lilongwe, mbewu ndimazidziwira m'mbale. Ndiye ndinakajambula kambewuko, foni n'kundipatsa dzina lachilatini lalitali ngati la mankhwala a shuga, ndipo nditafufuzafufuza ndinapeza kuti kuno amati kalongonda. Kalongonda! Nyemba zija Alomwe amazinyadira, zophika tsiku lonse uku ukutaya madzi. Ndinadumpha ndi chimwemwe, chifukwa nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Felesiya wa kwa Chiwalo, ndipo amalume ake, a Muhiwa, anali atanenetsa kuti mwana wa mlongo wawo sangampereke kwa munthu wa tayi wosadziwa kumene chakudya chimachokera. Ndinati basi, ukwati wanga uli m'chigubumu.

Mmene ndinakasamalira kambewuko, ngakhale mwana wakhanda akanachita nsanje. M'mawa madzi, madzulo madzi, masamba a tiyi otsala ndinkathira momwemo, manyowa a mbuzi ndinachita kuwanyamula pa kabaza m'chikwama changa cha ku ofesi. Kanayamba kuyanga, ine n'kukamangirira chingwe mpaka kudenga. Felesiya ndinamubisira, ndinkafuna adzadzidzimuke limodzi ndi amalume ake.

Tsiku lina mayi Nanyoni, oyandikana nawo nyumba, anasuzumira pa mpanda akuyanika zovala.

"Achimwene, chimenecho mukuchidziwa koma?"

"Mayi, foni yanena kale," ndinatero ine, ndi mawu aja timalankhulira anthu a m'maofesi tikafuna kuti wina akhale chete.

"Ooo, yanena foni? Chabwinotu." Anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo zovala zawo ankayanika mbali ina. Kodi ine zinandiuza kanthu? Ayi ndithu, ndinkati ndi nsanje.

Maluwa anabwera ofiirira, olendewera, kenako zitheba zaubweya wonyezimira, zokongola zedi. Zitayamba kuuma m'nyengo yozizira, uthenga unafika woti a Muhiwa abwera ndi Felesiya Loweruka m'mawa kudzaona pamene ndimakhala. Ndinasita suti, ndinagula fanta ndi mabanzi, ndipo nditamva belu la njinga kumsewu ndinathamangira kuseri kukathyola zokolola zanga. Mbale ndinaiwala, ndiye ndinazithyolera pa malaya, zina n'kuponya m'thumba la buluku, kenako n'kupukuta thukuta m'khosi ndi manja omwewo. Zonse ndinakakhuthulira m'mbale, n'kuvindikira bwinobwino ngati ndiwo za alendo.

Tinapatsana moni wa manja awiri ndi a Muhiwa, mwaulemu wake, ndipo ndinawagwira nthawi yaitali kuti aone kuti ndine munthu. Tinakhala pansi, Felesiya ali pambali pa amalume ake. Funso loyamba ndinayankha bwino. Pa funso lachiwiri khosi linayamba kunyerenyetsa, ndinati mwina ndi kolala. Pa lachitatu mimba, ntchafu, m'khwapa, paliponse panayaka, ndipo mukudziwa kuti pamaso pa akuchikazi munthu sukanda mwachisawawa. Ndinayamba kudzikhula pa mpando pang'onopang'ono, misozi ikulengeza, mano nditaluma.

"Kodi bambowa amadwala?" a Muhiwa anafunsa Felesiya, uku nawonso akukanda chikhatho pa bondo.

Ndinaona kuti zinthu zikuthawa, ndiye ndinatulutsa chida changa chomaliza. Ndinagwada, n'kuvundukula mbale ija. "Amalume, kalongonda uyu. Ndalima ndekha."

Anzanga, sindinaonepo munthu wa imvi akudumpha chonchija. Mpando uko, chipewa uko, iwo ali kale pakhomo.

"Chitedze! Mwana iwe, ukufuna kutipha? Wandipatsa moni ndi chitedze!"

Felesiya anangogwira pamutu. Ine Chitedze ndinkachidziwa ngati malo otsikirapo minibasi pa msewu wa ku Mchinji, sindinkadziwa kuti chimabala. Ulemu wonse unathera pomwepo, ndinathamangira kubafa uku ndikuvula tayi, n'kudzithira ndowa yathunthu ya madzi, ndipo moto uja unangofalikira mpaka kumene sunafike. Ndinakuwa mayo ngati kamwana.

Anandipulumutsa ndi mayi Nanyoni omwe aja. Anabwera ndi chibekete cha phulusa, n'kupatsira a Muhiwa pa mpanda. Ndiye taganizani, ine bwana wa mu ofesi, ndaima kuseri kwa nyumba ndi kabudula wamkati yekha, amalume a mkazi amene ndikufuna kukwatira akundikhula phulusa msana wonse, ana a m'mudzi atakwera pa mpanda.

"Anzanu anasamuka aja anadzala dala pawindopo chifukwa cha akuba," anatero mayi Nanyoni, kumbali atayang'ana. "Masamba amafanana ndithu ndi kalongonda. Koma poti foni inanena kale, ine ndikanatani?"

Manyazi amene ndinamva anaposa kuyabwa. Ndinadziwa kuti Felesiya wapita, ndipo ndinayamba kuganiza zopempha transifa. A Muhiwa anasasa manja, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nditayera mbuu, kenako anayang'ana mtengo uja mmene unakwerera mpaka kudenga, n'kupukusa mutu.

"Zaka zanga zonsezi sindinaonepo chitedze chonenepa chonchi. Khama ali nalo, nzeru ndiye palibe. Felesiya, mukwatire msanga munthuyu, akakhala yekha afa. Koma kumunda kwathu asadzapondeko popanda womuperekeza."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndikanakonda phulalo. Tinakwatirana ndithu, ndipo mpaka lero ndikatsika kabaza kwa Chiwalo, apongozi amandipatsa moni manja ali kumbuyo, n'kuyamba afunsa kaye kuti ndagwira chiyani. Ndinalumbira kuti chilichonse chobiriwira ndiyambe ndafunsa munthu wa khasu, foni ikhale yoimbira basi. Ngakhale letesi wa mu hotela, anzanga, ndimayamba ndaona wina wamudya.